Mitsempha Yotupa ya m'Miyendo: Kuizula Kapena Kuitsekera M'kati?

Mu Lusaka muli anthu ambiri amene tsiku limawathera ali chilili. Mayi wogulitsa tomato pa Soweto Market amafika kusanache ndipo amakhala chiimire mpaka dzuwa kupendeka. Wometa tsitsi wa ku Kabwata, mphunzitsi wa ku Kabulonga, wogulitsa m'sitolo za mu Cairo Road, mlonda wa pageti ku Woodlands, onsewa ntchito yawo imagwiridwa ndi miyendo. Madzulo akamakwera minibasi ya ku Chelstone, miyendo imakhala italemera, akakolo atatupa, sokosi itasiya mzere pakhungu. Ena akakweza chitenje kapena thalauza amaona mitsempha yokhotakhota itatukuka pakatumba ndi m'kati mwa ntchafu. Mu Okutobala, kutentha kukafika pachimake, imatukuka kwambiri.

Ambiri amati ndi ukalamba, ena amati ndi za uchembere, ndipo amangopirira. Kuchipatala vutoli amalitcha varicose veins, ndipo lili ndi chithandizo. Kale chithandizo chachikulu chinali opaleshoni yozula mtsemphawo. Lero pali njira zina zoutsekera m'kati momwemo, polowera pakabowo ka singano. Kuti munthu asankhe bwino ayenera kuyamba wamvetsa chimene chawonongeka.

Magazi amakwera bwanji kuchokera kuphazi?

Mtima ukapopa, magazi amatsikira kumapazi mosavuta. Ntchito ili pobwerera, chifukwa ayenera kukwera mtunda woposa mita imodzi munthu ali chiimire. Zinthu ziwiri ndizo zimathandiza. Choyamba ndi minofu ya katumba: mukaponda, minofuyo imafinya mitsempha imene ili m'kati mwake ndi kukankhira magazi m'mwamba. Chachiwiri ndi tizitseko ta m'mitsempha, timene madokotala amati mavalavu. Ndi tizikopa tiwiritiwiri topyapyala timene timatseguka magazi akamakwera, n'kutsekeka akafuna kubwerera pansi. William Harvey wa ku England atafotokoza mu 1628 kuti magazi amazungulira m'thupi, umboni wake wina unali tizitseko timeneti.

Aliyense amene anatungapo pamjigo akudziwa zimene zimachitika labala wa m'kati akatha. Mumapopa, madzi akwera pang'ono, mukangosiya abwerera pansi. Mtsempha wa tizitseko totha umatero. Magazi amakwera n'kutsikanso, amadzaza mtsemphawo, khoma lake limatanuka, ndipo kutanukako kumachititsa kuti kachitseko kotsatira nakonso kalephere kutseka.

M'mwendo muli magulu awiri a mitsempha yobweza magazi. Ya m'kati, yozunguliridwa ndi minofu, imanyamula pafupifupi magawo 9 mwa 10 a magazi onse. Ya pamwamba ili pansi pa khungu, yopanda minofu yoigwirizira, ndipo ndiyo imatupa. Waukulu mwa iyo, great saphenous, ndi mtsempha wautali kuposa yonse m'thupi: umayambira kutsogolo kwa kakolo wa m'kati, kukwera m'kati mwa mwendo ndi ntchafu, n'kukalumikizana ndi mtsempha wa m'kati pamphechepeche. Wina wocheperapo, small saphenous, umakwera kumbuyo kwa katumba n'kukalowa kuseri kwa bondo. Zotukuka zimene timaona pakhungu kawirikawiri zimakhala nthambi chabe. Gwero la vuto limakhala pathunthu, pamalo amene maso saona.

Amene makolo awo anali ndi vutoli amalipeza msanga. Mimba, makamaka zingapo, kunenepa, ukalamba ndi kuima nthawi yaitali zimaonjezera. Si matenda a amayi okha. Pakafukufuku amene anachitika ku Edinburgh m'zaka za m'ma 1990, pafupifupi munthu mmodzi mwa atatu anali nayo mitsemphayi, ndipo abambo sanachepe poyerekeza ndi amayi. Dokotala Denis Burkitt, amene anagwira ntchito zaka zambiri ku Uganda, analemba mu 1972 kuti vutoli linali losowa pakati pa anthu a m'midzi ya mu Africa, ndipo ankaganiza kuti chinsinsi chinali chakudya cha madeya ndi ndiwo zamasamba. Ganizo la chakudyalo silinatsimikizike, koma moyo wa m'tauni wasinthadi kagwiritsidwe ntchito ka miyendo. Wolima amayenda, amawerama, katumba wake akupopa. Woima pakauntala sapopa.

Pamene mtsempha wasiya kukhala nkhani ya maonekedwe

Anthu ena amakhala ndi mitsempha yotupa moyo wonse popanda vuto lina. Amenewa safunika opaleshoni iliyonse. Koma kwa ena miyendo imalemera, imaphwanya, imayabwa, imakokana usiku. Pakapita zaka khungu la pamwamba pa kakolo limada kuposa lina, limauma, kenaka limalimba mpaka simungalitsine. Apa ndi pamene pamabadwira chilonda. Kachilonda ka kukanda kapena kugunda pabenchi kamakula, kamatuluka madzi, kamatha miyezi ngakhale zaka osapola. Wodwala amazungulira kukiliniki kukatsukitsa, amagula mafuta osiyanasiyana, koma chifukwa magazi akubwererabe pansi, chilondacho chimapola n'kutsegukanso.

Mtsempha wotupa ukhozanso kuphulika. Magazi ake amathovoka mochititsa mantha, makamaka munthu akakhala chiimire. Chochita ndi kugona pansi msanga, kukweza mwendo pampando kuti upose pachifuwa, ndi kukanikiza pabalapo ndi nsalu yoyera mpaka magazi aleke, kenaka kupita kuchipatala. Pachifukwa chomwechi, kutema mphini pamwendo wotere n'koopsa. Khungu lake silipola msanga, ndipo lumo likhoza kugwera pamtsempha weniweniwo.

Si chilonda chilichonse cha pamwendo chimene chimachokera ku mitsempha yotupa. Kuno kwathu matenda a shuga, sickle cell, khansa ya Kaposi ndi kutsekeka kwa mitsempha yotsitsa magazi zimayambitsanso zilonda kapena kutupa. Mwendo umodzi ukatupa mwadzidzidzi ndi kuwawa, mwina magazi aundana m'mtsempha wa m'kati, ndipo zimenezo n'zothamangira nazo kuchipatala tsiku lomwelo.

Sikani isanachitike, palibe chodula

Makina a sikani amene amayi oyembekezera amawadziwa bwino ndi omwewo amene amaunikira mitsempha, kungoti amafunika akhale otha kuonetsa kumene magazi akulowera. Wodwala amaima. Woyeza amapaka mafuta pakhungu, amaika chounikira pantchafu, amafinya katumba ndi dzanja n'kusiya. Pagalasi magazi amaoneka akukwera. Tizitseko tikakhala tabwino, amaima nthawi yomweyo. Tikakhala totha, mtundu pagalasipo umasintha, kusonyeza kuti magazi atembenuka, ndipo akabwerera kupitirira theka la sekondi, mtsemphawo ndi wodontha.

Sikani imayankhanso funso limene wodwala aliyense amafunsa: mukauchotsa, magazi adzera kuti? Adzera m'mitsempha ya m'kati, imene kale inali kunyamula magazi ake komanso obwerera a mtsempha wodonthawo. Kuuchotsa n'kuipeputsira ntchito. Koma ngati ya m'katiyo inatsekeka kale ndi magazi oundana, wa pamwambawo ukhoza kukhala njira yokhayo yotsala, ndipo kuuchotsa kungapweteke mwendo. Ine ndinganene mosapsatira kuti aliyense wofuna kukubayani kapena kukudulani mitsempha asanaunike ndi sikani, mumusiye.

Opaleshoni: kumanga ndi kuzula

Njira iyi ndi yakale. Friedrich Trendelenburg wa ku Germany anayamba kumanga mtsempha wa great saphenous pantchafu cha m'ma 1890. Ku America, Charles Mayo mu 1906 ndi William Babcock mu 1907 anapanga zida zozulira, ndipo maganizo a Babcock olowetsa waya m'kati mwa mtsempha ndi amene akugwirabe ntchito.

Wodwala amagonetsedwa, kapena amabayidwa jakisoni wa pamsana wochititsa dzanzi kuyambira m'chiuno kutsika. Dokotala amacheka pamphechepeche masentimita angapo, amapeza pamene mtsemphawo walumikizana ndi wa m'kati, amamanga ndi kudula, pamodzi ndi nthambi zonse za pamenepo. Kenaka amalowetsa waya m'mtsemphamo mpaka kumunsi pang'ono kwa bondo, amautulutsira pakabala kena, n'kukoka. Mtsempha wonse umatuluka utakwinyika pawayapo. Masiku ano ambiri sazula mpaka pakakolo, chifukwa kumunsi kwa bondo mtsemphawu umayenda moyandikana kwambiri ndi mtsempha wa zomverera pakhungu, ndipo umenewo ukavulala munthu amatsala ndi dzanzi m'mbali mwa msongolo. Nthambi zotukuka amazikoka ndi kambedza kudzera m'timabowo ta mamilimita awiri kapena atatu, njira imene Robert Muller, dokotala wa khungu wa ku Switzerland, anaitchukitsa.

Pambuyo pake ntchafu imakhala ndi mikwingwirima, imawawa, ndipo bala la pamphechepeche, pokhala pamalo a thukuta, nthawi zina limatukusira. Ambiri amapuma sabata imodzi kapena ziwiri, a ntchito zolemetsa kuposerapo. Kwa ife akhungu lakuda pali chinanso choganizira: ena zipsera zawo zimatukuka n'kukula, ndipo amene ali ndi chipsera chotero pakhutu kapena pachifuwa ayenera kuuza dokotala asanachekedwe.

Ubwino wake sitingaunyoze. Zida zake n'zotsika mtengo ndipo zambiri zimaphikidwa n'kugwiritsidwanso ntchito. Dokotala wa opaleshoni wophunzira bwino amaidziwa. Mtsempha wozulidwa sungatsegukenso, ngakhale kuti pamphechepeche nthawi zina pamamera timitsempha tatsopano pakapita zaka.

Kutsekera m'kati: kutentha, thovu ndi guluu

Cha m'ma 1999 panabwera ganizo lina: bwanji osausiya mtsemphawo pamalo pake, koma kuupha kuti thupi liumeze lokha pang'onopang'ono? Chaka chimenecho dziko la America linavomereza makina a radiofrequency, ndipo nthawi yomweyo Carlos Boné wa ku Spain anali kuyesa laser m'kati mwa mtsempha.

Wodwala amakhala maso. Dokotala, akuyang'ana pasikani, amabaya mtsempha pafupi ndi bondo n'kulowetsa kapaipi kopyapyala mpaka masentimita awiri kuti kafike polumikizira pamphechepeche. Kenaka amabaya madzi ambiri osakaniza ndi mankhwala a dzanzi mozungulira mtsemphawo, ntchafu yonse. Majakisoni amenewa ndi amene odwala ambiri amati ndiwo amawawa. Madziwo amachita zitatu: amapha ululu, amafinya mtsempha kuti ukumbatire kapaipi, ndipo amateteza khungu ndi minofu kuti zisapse. Akayatsa makina a radiofrequency, nsonga ya kapaipi, yotalika masentimita 7, imatentha madigiri 120 kwa masekondi 20, kenaka amakakokera kumunsi n'kuwotchanso, mpaka mtsempha wonse. Laser imachita chimodzimodzi pogwiritsa ntchito kuwala kwamphamvu. Zonse zimatha m'kati mwa ola limodzi. Wodwala amavala sokosi yofinya, amadzuka, amauzidwa kuti ayende.

Njira ya thovu inachokera ku jakisoni wakale woumitsa mitsempha, amene George Fegan anamutsitsimutsa ku Dublin m'zaka za m'ma 1960. Vuto la mankhwala amadzi linali loti amasungunuka m'magazi asanagwire khoma la mtsempha waukulu. Juan Cabrera wa ku Spain anaonetsa m'ma 1990 kuti akawasandutsa thovu amakankha magazi n'kukhudza khoma lonse, ndipo mu 2000 Lorenzo Tessari wa ku Italy anaonetsa mopangira thovulo ndi masirinji awiri olumikizana: mankhwala gawo limodzi, mpweya magawo anayi, kukankha uku ndi uku kangapo. Mankhwala ake ndi polidocanol kapena sodium tetradecyl sulphate. Iyi ndiyo njira yotsika mtengo pa zonse zatsopano, ndipo imafika m'mitsempha yokhotakhota imene kapaipi sikangadutsemo. Koma mtsempha waukulu umakonda kutsegukanso, moti jakisoni amafunika kubwereza. Imasiyanso mizere yakuda ndi timibulu towawa kwa miyezi, ndipo owerengeka amamva mutu kapena kuona zideruderu kwa mphindi zochepa.

Palinso guluu wa kuchipatala, wa mtundu wa cyanoacrylate, amene America inavomereza mu 2015 ndi dzina loti VenaSeal. Safuna majakisoni a ntchafu yonse aja, koma ndi wodula, amatsala m'thupi, ndipo ena matupi awo amadana naye.

Mawu oti "popanda opaleshoni" asatinamize kuti palibe choopsa. Kutentha kukhoza kuwotcha khungu kapena kusiya dzanzi, ndipo panjira iliyonse, yakale kapena yatsopano, magazi akhoza kuundana m'mtsempha wa m'kati, ngakhale kuti sizichitikachitika.

Atayerekeza anapeza chiyani?

Ku Denmark, Lars Rasmussen ndi anzake anagawa odwala 500 mwamaere m'magulu anayi, ndipo zotsatira zinatuluka mu 2011. Patatha chaka, mtsempha unali ukudonthabe mwa anthu 5 kapena 6 pa 100 alionse a laser, a radiofrequency ndi a opaleshoni, koma mwa 16 pa 100 a thovu. Pobwerera ku zochita za tsiku ndi tsiku, a radiofrequency ndi a thovu ambiri anatenga tsiku limodzi, a laser awiri, a opaleshoni anayi.

Ku Britain kafukufuku wotchedwa CLASS anatsata odwala 798 m'zipatala 11. Zotsatira za zaka 5, zofalitsidwa mu 2019, zinaonetsa kuti a laser ndi a opaleshoni anali kumva bwino mofanana, ndipo magulu awiriwa anaposa a thovu. Bungwe la NICE, limene limapereka malangizo ku zipatala za boma ku England, linali litanena kale mu 2013 kuti woyenera chithandizo ayambe wapatsidwa njira ya kutentha, ikakanika thovu, likakanika opaleshoni.

Tanthauzo lake n'losavuta. Kutentha ndi kuzula zimafika pamalo amodzi pakapita zaka. Kusiyana kwake kuli m'masabata oyambirira: ululu, mikwingwirima, bala, masiku osagwira ntchito. Ndipo palibe njira imene imathetsa chibadwa cha mitsempha ya munthu, moti pakapita zaka ena amaonanso mitsempha ina itatukuka, kaya anachita njira iti.

Kwa munthu wa mu Lusaka

Malangizo a ku England analembedwa poganizira mitengo ya kwawoko, kumene ola la m'chipinda cha opaleshoni ndi bedi la kuwodi n'zodula kuposa kapaipi. Kuno masamu amatembenuka. Kapaipi ka laser kapena radiofrequency kamagwira ntchito kamodzi n'kutayidwa, kamachokera kunja, ndipo mtengo wake umakwera ndi kutsika ndi dola. Makina ake amafuna magetsi odalirika ndi dokotala wozolowera kugwira singano dzanja lina, chounikira dzanja lina. Opaleshoni imafuna zinthu zimene chipatala chachikulu chili nazo kale.

Koma masiku nawo ndi ndalama, ndipo apa ndi pamene nkhaniyi imandikhudza. Wolembedwa ntchito mu ofesi akapuma masabata awiri malipiro amabwera. Wogulitsa salaula ku City Market akapuma masabata awiri, pakhomo pamagwa njala ndipo makasitomala amazolowera benchi la mnzake. Amene akufunika kwambiri njira yochira msanga ndi amene sangaikwanitse. Chifukwa chake thovu, ngakhale lili ndi zofooka, siliyenera kunyozedwa m'zipatala zathu, chifukwa limangofuna sikani, masirinji, mankhwala ndi munthu wophunzitsidwa.

Njira ya boma imayambira kukiliniki ya kwanu, monga ya Kabwata kapena ya Chelstone, kupita kuchipatala chaching'ono monga cha Chilenje, kenaka kuchipatala chachikulu cha UTH kapena cha Levy Mwanawasa pa Great East Road. Amene amasonkha ku inshuwalansi ya zaumoyo ya NHIMA afunse msanga zimene inshuwalansiyo ilipira, sikani ndi masokosi zomwe, asanagwirizane za tsiku. Wopita kuchipatala cholipira ali ndi ufulu kufunsa ngati dokotalayo analembetsedwa ku Health Professions Council of Zambia, kuti njirayo waichita kangati, ndiponso ngati mtengo womwe wanena ukuphatikiza nthambi zotsala ndi sikani yobwereza. Opita ku India kapena ku South Africa akumbukire kuti wowaona pambuyo pake adzafunika kukhala wa konkuno.

Nthawi zina mwendo umadzisankhira wokha. Mtsempha ukakhala wokhota kwambiri kapaipi sikadutsa. Ukakhala pafupi kwambiri ndi khungu, kutentha kungaliwotche. Ukakhala wotakata mopitirira, thovu siligwira. Pamenepo opaleshoni ndiyo yoyenera, ndipo wodwala asadzione ngati walandira za amphawi. Opaleshoni ya m'manja mwa katswiri imaposa laser ya m'manja mwa wophunzirira pa inu.

Masokosi ofinya amapeputsa miyendo ndi kuchepetsa kutupa, koma sakonza tizitseko. Amavalidwa m'mawa musanaponde pansi, ndipo ayenera kuyezedwa, osati kungotola pamsika. Odwala shuga, osuta fodya ndi okalamba ayambe ayezedwa ngati magazi akutsika bwino kumapazi, popeza kufinya mwendo umene magazi akufikamo movutikira kukhoza kuupha. Kwa mayi woyembekezera masokosi ndiwo chithandizo. Mitsempha yambiri ya pamimba imaphwa yokha pakapita miyezi itatu kapena kuposerapo atachira, choncho za kuzula kapena kuwotcha zimadikira.

Wa chilonda asadikire

Kwa zaka zambiri madokotala ankati chilonda chiyambe chapola ndi mabandeji, mitsempha tiiona pambuyo. Kafukufuku wa ESCHAR, wa ku England mu 2004, anaonetsa kuti kuwonjezera opaleshoni pamabandeji kunachepetsa kubwerera kwa chilonda m'chaka choyamba kuchoka pa 28 kufika pa 12 mwa anthu 100. Mu 2018 kafukufuku wa EVRA, wa odwala 450, anapita patsogolo: amene anatsekedwa mitsempha m'kati mwa masabata awiri, chilonda chikadalipo, anapola pamasiku 56, pamene odikira anapola pamasiku 82. Ambiri mwa iwo anathandizidwa ndi thovu, palokha kapena pamodzi ndi kutentha. Apa njira zatsopano zili ndi mwayi weniweni, chifukwa zimatheka pa nkhalamba imene singapirire mankhwala ogonetsa, ndiponso pamwendo umene khungu lake silingachekedwe.

Choncho chilonda cha pakakolo chikatha masabata awiri osapola, kutsuka ndi kumanga kokha sikokwanira. Pemphani kalata yopita kwa dokotala wa opaleshoni ndi sikani ya mitsempha.

Mukalandira chithandizo, cha mtundu uliwonse, yendani tsiku lililonse, valani sokosi masiku amene mwauzidwa, ndipo mukakhala pansi kwezani mwendo. Ulendo wautali wa basi, monga wochoka pa siteshoni ya Intercity kupita ku Chipata, umene umaposa makilomita 500 mawondo ali opindika, ndi bwino kuuchedwetsa masabata angapo. Katumba akatupa ndi kuwawa mwadzidzidzi, kapena mukayamba kubanika ndi kumva kubaya pachifuwa, pitani kuchipatala nthawi yomweyo, ngakhale usiku, ndipo muwauze tsiku limene munachitidwa mitsemphayo.